MAKIYI ALI KWA WOGULITSA

Gawo Lachiwiri

Sabata yatha nkhani ino idafotokoza za mapulogalamu aufulu, ndiwo mapulogalamu a kompyuta amene munthu aliyense aloledwa kuwagwiritsa ntchito, kuwasanthula m'kati mwake, kuwasintha ndi kugawirako anzake. Idatchulanso Richard Stallman wa ku America amene adayambitsa GNU m'chaka cha 1983, ndi Linus Torvalds wa ku Finland amene adatulutsa Linux mu 1991. Lero nkhaniyi ikunena za vuto limene eni makompyuta otere akhala akukumana nalo pofuna kuonera kanema wa pa intaneti.

Kale munthu akagula mbale ya galamafoni kapena tepi ya kanema, chinthucho chinkasanduka chake ndithu: ankatha kubwereketsa mnansi, kugulitsa, ngakhale kusiyira ana. Makampani monga Netflix sagulitsa chinthu chogwirika. Munthu amalipira mwezi ndi mwezi, ndipo kanemayo amafika pang'onopang'ono monga madzi a pa mpope, kuonera kuli m'kati. Netflix idayamba malonda otere mu 2007, ndipo mu Januwale 2016 idafika m'maiko ena 130, Malawi, Zambia ndi Mozambique ali momwemo.

Tsono eni mafilimu amaopa kuti woonera angakope filimu nayamba kugawira anthu ulere. Chifukwa cha ichi amaika loko wotchedwa DRM. Filimu imachoka kwa mwini wake itasokonezedwa dala, kotero kuti popanda kiyi palibe chingaoneke. Kiyiyo saperekedwa m'manja mwa wolipira ayi, koma amalowa m'kapulogalamu kobisika kamene kamakhala mu browser, ndiyo pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti. Kapulogalamuko kamatsegula filimu, kuionetsa, ndi kubisanso kiyiyo. Google ili ndi loko wake wotchedwa Widevine amene idagula mu 2010, Microsoft ili ndi PlayReady, pamene Apple ili ndi FairPlay.

Apa ndipo pagona nkhani. Pulogalamu yaufulu imafuna kuti zonse zam'kati zikhale poyera, pamene loko wa DRM amadalira chinsinsi. Mwini kompyuta ataloledwa kusanthula ndi kusintha kapulogalamu kaja, angathe kutolamo kiyi, ndipo lokoyo angasanduke wachabe. Motero ziwirizi sizingamwere chikho chimodzi.

Kuyambira mu 2008 Netflix inkadalira Silverlight, pulogalamu ya Microsoft yoyenda pa Windows ndi pa makompyuta a Apple. Anthu a Linux adatsala kunja kwa mpanda, ngakhale ndalama zolipira anali nazo. Chitseko chidawatsegukira mu 2014 kudzera mu Chrome, ndipo mu 2017 kudzeranso mu Firefox.

Kutseguka kumeneku kudadza ndi mkangano waukulu. Mu 2012 makampani a Google, Microsoft ndi Netflix adapempha bungwe la W3C, limene limakhazikitsa malamulo a kayendedwe ka masamba a pa intaneti, kuti livomereze njira imodzi yolumikizira malokowa ku browser iliyonse. Bungwe la Mozilla, eni ake a Firefox, lidagonja mu 2014 monyinyirika, poopa kuti anthu angathawire kwina. Mkulu wa W3C pa nthawiyo, Tim Berners-Lee, amene adayambitsa masambawa, adavomera njirayo, ndipo idakhazikitsidwa pa 18 Sepitembala 2017. Tsiku lomwelo bungwe lomenyera ufulu wa anthu pa intaneti la Electronic Frontier Foundation lidatuluka mu W3C posonyeza kukhumudwa kwake.

Zimene otsutsawo ankaopa sizidachedwe kuoneka. Mu 2019 Samuel Maddock, amene ankapanga browser yakeyake yotchedwa Metastream, adalengeza kuti adadikira chilolezo cha Widevine kwa miyezi inayi, ndipo pomaliza adakanizidwa. Phunziro lake n'lakuti munthu angathe kupanga browser yabwino kopambana, koma popanda chilolezo cha kampani yosunga loko, browser imeneyo singaonetse mafilimu a makampani akuluakulu aja. Ngakhale amene adaloledwa kulowa sadalandiridwe mofanana, pakuti kwa zaka zambiri anthu a Linux ankalandira zithunzi zosawala kwenikweni, chonsecho akulipira mtengo umodzimodzi ndi anzawo.

Nanga bwanji osangothyola lokoyo? Ku America lamulo la mu 1998 lotchedwa DMCA limaletsa kuzemba maloko otere. Ku Norway nako, Jon Johansen, mnyamata amene adathandiza kupanga pulogalamu yotsegula loko wa ma DVD mu 1999, adazengedwa mlandu, ngakhale kuti mu 2003 khoti lidampeza wosalakwa.

Kunena chilungamo, eni mafilimu ali ndi mfundo yomveka. Kupanga filimu kumadya ndalama zambiri, ndipo wantchito ayenera kudya thukuta lake. Koma otsutsa amayankha kuti mafilimu omwewo amapezekabe kwa akuba patangopita nthawi yochepa, kusonyeza kuti loko amavutitsa wolipira mokhulupirika koposa mbala.

Aphunzitsi ndi achinyamata amene angomaliza sukulu ayenera kuilingalira bwino nkhaniyi, pakuti kompyuta yakale imene yalema ndi mapulogalamu atsopano kawirikawiri imatsitsimuka ndi Linux, ndipo ambiri ndi imene angaikwanitse. Asanalipire kanthu, afufuze ngati malo oonera kanemawo amalola browser imene ali nayo. Pa Firefox, malo ololera DRM amapezeka m'gawo la zosankha, ndipo mwini kompyuta ndiye asankha kutsegula kapena kutseka. Posankhapo adziwe kuti akulowetsa m'nyumba mlendo wa bokosi lokhoma limene iye mwini nyumba saloledwa kusuzumiramo. Adziwenso kuti chimene walipira ndi chilolezo choonera chabe, chimene chingathe tsiku lililonse. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Sabata ya mawa nkhaniyi idzafotokoza za mabuku a pa kompyuta, ndi m'mene maloko omwewa amakhudzira nyumba zowerengera mabuku.