Kutsegula Pulojekiti Imene Ena Anayamba Kale

Akonzi ndi aphunzitsi a Chichewa amapemphedwa nthawi zina kuti awunike mawu a m'pulogalamu ya pafoni kapena ya pakompyuta imene ena anaimasulira kale. Pempho lotere likabwera, iwo salandira tsamba limodzi monga la mu Microsoft Word. Amalandira foda yaikulu, yodzaza ndi mafoda ang'onoang'ono ndi mafayilo ochuluka. Foda yonseyi ndiyo imatchedwa pulojekiti, ndipo imatsegulidwa ndi chida chotchedwa code editor, chimene ndi pulogalamu yolembera ndi kukonzera malangizo amene kompyuta imatsata. Liwu la code likalembedwa kuti kodi lingasokoneze owerenga, popeza kodi ndi liwu lofunsira. Motero nkhani ino ingonena kuti malangizo a kompyuta.

Chitsanzo chodziwika cha chida chotere ndi Visual Studio Code, chimene kampani ya Microsoft inatulutsa m'chaka cha 2015 ndipo chimapezeka mwaulere. Pansi pa mawu akuti File pali njira ziwiri zimene mlendo angaziyese imodzi: Open File ndi Open Folder. Yoyamba imatsegula fayilo imodzi yokha. Yachiwiri imatsegula pulojekiti yonse, kotero kuti mndandanda wa mafoda ake umaoneka kumanzere kwa sikirini. Mkonzi ayenera kusankha yachiwiriyi, chifukwa fayilo imodzi imangomuonetsa chidutswa cha ntchitoyo. Akatsegula foda yonse, angathe kudina mabatani a Ctrl, Shift ndi F pamodzi n'kufufuza liwu m'mafayilo onse nthawi imodzi. Apa ndi pamene amazindikira kuti womasulira wina analemba kuti tsegula, wina n'kulemba kuti tsekula, ndipo kuti chinthu chimodzi chatchedwa foda pano, chikwatu uko.

Foda yoyenera kutsegula ndi ya pamwamba penipeni pa pulojekitiyo. Kawirikawiri imadziwika ndi fayilo yotchedwa README, imene imafotokoza cholinga cha ntchitoyo, ndiponso kafoda kobisika kotchedwa .git. M'kafodaka pulogalamu ya Git, imene Linus Torvalds anaiyambitsa m'chaka cha 2005, imasungamo mbiri ya kusintha kulikonse: amene anasintha, tsiku lake, ndi mzere umene anaukhudza. Mkonzi akatsegula pamalo oyenera, chidachi chimamuonetsa mizere yakale ndi yatsopano moyandikana, ndipo akalakwitsa angathe kubwezera zinthu mmene zinalili.

Kuyambira m'chaka cha 2021, Visual Studio Code imayamba yafunsa ngati wotsegulayo akukhulupirira anthu amene analemba mafayilo a m'fodayo. Funsoli si mwambo chabe. Pulojekiti ingakhale ndi malangizo amene amayamba kugwira ntchito pakompyuta ya munthu iye asakudziwa. Amene akukayika ayankhe kuti sakukhulupirira. Adzathabe kuwerenga ndi kukonza mawu, kumene ndiko mkonzi wa chiyankhulo akufuna.

Tsono vuto lalikulu kwa olemba Chichewa lili pa zilembo. Kompyuta sisunga chilembo monga mmene diso limachionera. Imasunga manambala, ndipo pamafunika dongosolo lomasulira manambalawo kuti akhalenso zilembo. Dongosolo lofala masiku ano ndi UTF-8, limene Ken Thompson ndi Rob Pike analikonza m'chaka cha 1992. M'dongosololi zilembo wamba monga a, b ndi w zimatenga bayiti imodzi, koma ŵ, chimene chimapezeka m'mabuku ambiri a Chichewa ndi a Chitumbuka, chimatenga mabayiti awiri. Fayilo yotere ikawerengedwa ndi dongosolo lakale la Windows-1252, limene lilibe ŵ n'komwe, bayiti iliyonse imasanduka chilembo pachokha, ndipo Malaŵi amaoneka ngati MalaÅµi. Nayonso nkhodolero yopindika imene Microsoft Word imaika yokha imatenga mabayiti atatu, kotero kuti ng’ombe imasanduka ngâ€™ombe.

Mkonzi akaona zoterezi, dzanja limayabwa kuti akonze. Adekhe kaye. Fayiloyo siinaonongeke, changolakwika ndi kawerengedwe kake. Kumunsi kwa sikirini, chakumanja, kumalembedwa dzina la dongosolo limene likugwiritsidwa ntchito. Akadina pamenepo pamabwera zosankha ziwiri. Reopen with Encoding imangowerenganso fayiloyo mwa njira ina popanda kuisintha, ndipo akasankha UTF-8 zilembo zimabwerera mwakale. Save with Encoding imalembanso fayiloyo, ndipo akaigwiritsa ntchito zilembo zili zosokonekera, chisokonezocho chimakhazikika m'fayilomo n'kupita kwa aliyense amene adzagwiritse ntchito pulogalamuyo. Kusiyana kwa njira ziwirizi n'kofunika kukudziwa kuposa china chilichonse chimene chatchulidwa pano.

Nkhodolero ili ndi vuto linanso, ndipo Chichewa chimakumana nalo kawirikawiri chifukwa cha mawu monga m'nyumba, n'kofunika ndi pang'ono. M'ziyankhulo zambiri za kompyuta, monga Python ndi JavaScript, chizindikirochi chimagwiranso ntchito yotsegula ndi kutseka mawu ogwidwa. Choncho chikapezeka pakati pa liwu, kompyuta ingaganize kuti chiganizo chathera pomwepo. M'mapulojekiti a Android mawu a Chingerezi amakhala m'fayilo ya strings.xml, m'foda yotchedwa values, pamene a Chichewa amakhala m'fayilo ya dzina lomwelo m'foda ya values-ny, popeza ny ndicho chizindikiro cha Chichewa kapena Chinyanja pa mndandanda wa ziyankhulo wa ISO 639-1. M'fayilo imeneyi nkhodolero imatsogozedwa ndi kamzere kopendekera kumbuyo, motere: pang\'ono. Mkonzi wosadziwa angayese kuti wotayipa analakwitsa, n'kukafufuta. Akatero, pulogalamu yonse imakana kumangidwa, ndipo akatswiri amataya nthawi kufunafuna chimene chalakwika. Kamzereko sikaoneka pafoni. Woigwiritsa ntchito amangowerenga kuti pang'ono.

Chimodzimodzinso zizindikiro monga %s ndi %1$s. Zimenezi ndi mipata imene pulogalamu imadzazamo dzina la munthu kapena mawu ena ikamagwira ntchito. Mkonzi ali ndi ufulu wozisuntha kuti chiganizo chimveke Chichewa, koma asazifufute kapena kuzimasulira.

Asanabweze ntchitoyo kwa eni ake, mkonzi atsegule gawo la Source Control kumanzere kwa sikirini, aone mndandanda wa mafayilo amene asintha. Ngati anakonza mizere khumi m'fayilo imodzi koma mndandandawo ukuonetsa mafayilo asanu, kapena fayilo yonse ikuoneka ngati yasintha, ndiye kuti china chake chachitika chimene iye sanachifune, ndipo afunse eni pulojekitiyo asanatumize.