Chingerezi cha pa nkhomaliro ku Al Dafna

Ikakwana 1 koloko masana, malo odyera a mu City Center ku Al Dafna amadzaza ndi Amwenye, Afilipino, a ku Nepal ndi a ku Kenya. Dziko ndi la Aluya, koma onsewa amamvana m'Chingerezi, aliyense ndi lilime lakwawo.

Ife tinakulira "I am fine, thank you" wa ku pulayimale uja, woyankha kalasi yonse pamodzi. Kuno mnzako amangoti "All good?" ali m'njira kale, iwe ukadakonza zofunsa za ana ndi kunyumba. Poyamba ndinkayesa mwano.

Mchemwali wanga amakolopa m'maofesi a nyumba zosanja za kuno. Anatha miyezi itatu osatsegula pakamwa pamaso pa abwana, kuopa kusekedwa. Chinamumasula ndi nsima. Mnzake wa ku Kenya ataiona m'kontena anakuwa kuti "ugali!", wa ku Manila n'kufunsa kaphikidwe kake. Pofotokoza kuvundula ndi mthiko, mchemwali anatolapo mawu atatu: stir, thick, lumps. Thelere lokha ndiye linamukanika, anangowapatsa kuti alawe.

Pano Lachinayi lililonse amasinthana ndiwo, ndipo woitanitsa tiyi wa karak ndi iyeyo.