Mafunso ndi Mayankho: Ziwerengero za Ophunzira Bayoloje ku Nguludi

Kodi ku Nguludi kuli sukulu ziti zaukachenjede?

Pali Catholic University of Malawi, yomwe maepiskopi a Katolika adaikhazikitsa mu 2004, n'kuyamba kuphunzitsa mu 2006 pamalo a Montfort. Palinso koleji ya anamwino ndi azamba ya St Joseph's, pafupi ndi chipatala cha mishoni. Wofuna unamwino salowa popanda kiredi ya Bayoloje pa MSCE, ndipo akalowa amakaipezanso mozama: kapangidwe ka thupi, kayendedwe ka magazi ndi tizilombo toyambitsa matenda.

Kodi kuchuluka kwa ovala magauni kumasonyeza kuti sukulu ndi yabwino?

Pakokha ayi. Tsiku la galajuweshoni timawerenga amene afika, koma amene adatsalira m'njira sawerengedwa. Kholo lifunse kuti gulu lomweli lidayamba ndi anthu angati. Ena amasiya chifukwa cha fizi, ena amabwereza chaka, ndipo zimenezi ndizo zimaulula mmene sukulu imasamalira ana ake. Kwa anamwino pali muyeso wina wosabisika: angati adakhoza mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi n'kulandira chiphaso chogwirira ntchito.

Nanga mindandanda yoika mayunivesite pa nambala?

Muziiwerenga mosamala. Mndandanda wa Webometrics, wochokera ku Spain, umayang'ana kwambiri mmene sukulu imaonekera pa intaneti ndi kafukufuku amene yasindikiza. Sukuuzani ngati mu labotale muli mamaikulosikopu okwanira. Chofunika kuno kwathu n'chakuti pulogalamu imene mwana akufunayo ikhale yovomerezedwa ndi bungwe loyang'anira maphunziro aukachenjede la NCHE, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011.

N'chifukwa chiyani tiyenera kudziwa kumene ophunzira akuchokera?

Apa m'pamene pandikhudza kwambiri. Ma CDSS ambiri akumudzi alibe labotale, motero mwana amaloweza za selo m'buku asanaione n'kamodzi komwe. Tikangomva chiwerengero chonse, sitingadziwe ngati mwana wa ku Chiradzulu konkuno, komwe kuli Nguludi, makamaka mtsikana, akupeza malo pasukulu imene amaiona ali kumunda. Pa nkhani ya fizi, ngongole za bungwe la HESLGB, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2015, zimafikanso kwa ophunzira a m'mayunivesite omwe si aboma koma ndi ovomerezeka. Tikupempha sukulu zathu kuti chaka chilichonse zizilengeza poyera olowa, omaliza, atsikana, anyamata ndi masekondale amene adachokerako.