Mzikiti wa ku Paris: Mphatso Kapena Nkhongole?

Alendo ambili amene amafika ku Paris, likulu la dziko la France, amathamangila kukaona Eiffel Tower. Ocepa cabe ndiwo amadziwa kuti pafupi ndi munda wa Jardin des Plantes pali mzikiti waukulu wa zipupa zoyela, umene nsanja yake ndi yotalika mamita 33.

Mzikiti umenewu unatsegulidwa mu July caka ca 1926. Pa mwambowo panali mtsogoleli wa France, Gaston Doumergue, pamodzi ndi mfumu ya ku Morocco, Moulay Youssef. Boma linati laumanga pothokoza asilikali acisilamu masauzande ambili, ocokela m'maiko amene France inali kulamulila monga Algeria, Morocco ndi Senegal, amene anafela pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918.

Koma panali vuto. Lamulo la 1905 limaletsa boma la France kupeleka ndalama zomangila nyumba zopemphelelamo. Aphungu anapeza njila yolambalala: mu 1920 anavomeleza ndalama zokwana mafranc 500,000 ponena kuti ndi za sukulu ya maphunzilo a Cisilamu, ndipo khonsolo ya mzinda inapeleka malo. Boma likafuna cinthu, lamulo limapindika ndithu.

Si onse anaomba m'manja. Messali Hadj, womenyela ufulu wa Algeria, anaona kuti nyumbayo inali yodzionetsela cabe atsamunda, pamene anchito acisilamu a mu Paris anali kukhala mu umphawi. Ndipo sanali kunama kwenikweni. Kuthokoza akufa n'kosavuta kupambana kupatsa amoyo ufulu wao, umene Algeria inaupeza mu 1962 pambuyo pa nkhondo ina yoopsa.

Mbili imene imakhudza mtima kwambili ndi ya nthawi imene asilikali a Hitler analanda Paris mu 1940. Mkulu woyamba wa mzikitiwo, Si Kaddour Benghabrit, anathandiza Ayuda ena powapatsa zikalata zoonetsa kuti ndi Asilamu. Mmodzi wa opulumukawo anali woimba wa ku Algeria, Salim Halali. Akatswili a mbili yakale amatsutsanabe pa ciwelengelo ca anthu amene anapulumutsidwa, koma nkhaniyi inafika mpaka mu filimu yochedwa Les Hommes libres ya mu 2011.

Masiku ano boma la Algeria limathandiza kuyendetsa mzikitiwu ndi ndalama, ndipo Chems-Eddine Hafiz anasankhidwa kukhala mkulu wake mu 2020. Asilamu ena a ku France, makamaka obadwila komweko, amafunsa cifukwa cake nyumba yao yopemphelela imadalila dziko lina. Pa Cisanu anthu amadzaza kupemphela, pamene pa bwalo la pambali alendo a zipembedzo zonse amakhala pansi pa mitengo n'kumamwa tiyi.