Kachirombo ka Malungo: Kamayenda, Kamaswana, Kamasintha

Boma lathu la Mecanhelas ndi dziko la madzi. Kumadzulo kuli nyanja ya Chilwa, ndipo chakumpoto kwake kuli Chiuta. Mvula ikagwa, madambo amasefukira. Timalima mpunga, timapha matemba, makumba ndi milamba. Koma madzi omwewo ndiwo amaswa udzudzu, ndipo ndi mabanja owerengeka pakati pathu amene sanachezerepo usiku ndi mwana wodwala malungo.

Tonse tinamva kuti udzudzu umabweretsa malungo. Izi nzoona, koma udzudzu ndi wamtengatenga chabe. Mwini wake wa matendawa ndi kachirombo kamene kamakwera udzudzu monga mlendo akwera bwato padooko. Tiyeni tikadziwe bwino kachiromboka, pakuti kali ndi moyo, kamayenda, ndipo kamasintha.

Moyo wa selo limodzi

Nyumba imamangidwa ndi njerwa zambiri. Thupi la munthu nalonso linamangidwa ndi timatumba tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Mbuzi, nsomba ndi chimanga, zonsezi zili ndi maselo osawerengeka. Koma palinso tamoyo tina timene thupi lake lonse ndi selo limodzi lokha. Tilibe mutu, tilibe miyendo, tilibe mtima, komabe timadya, timayenda, timaswana.

Woyamba kutiona anali Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa mu mzinda wa Delft ku Holland. Sanali dokotala ayi. Ankangokonda kusula timagalasi tokuza zinthu. M'chaka cha 1674 anatunga madzi m'nyanja ina ya kufupi ndi kwawo, nawayang'ana pa kagalasi kake, ndipo anaona tinthu tamoyo tili piringupiringu. Lero chipangizo chotere timachitcha maikulosikopu. Titaika dontho la madzi a m'Chilwa pa maikulosikopu, nafenso tikhoza kuona zomwezo. Tina timasambira ndi kamchira, tina timapalasa ndi timaubweya tambiri ngati nkhafi, tina timakwawa potambasula thupi.

Tisaganize kuti tonseti ndi adani. Tambiri ndi ndere zimene zimabiriwitsa madzi, ndipo ndizo chakudya cha makumba. Adani ndi ochepa, koma ndi oopsa. Kachirombo ka kolera kamasambira ndi kamchira kamodzi. Kena koyambitsa kamwazi kamakwawa m'matumbo. Ka malungo dzina lake ndi Plasmodium, ndipo mtundu wake umene umapha anthu ambiri kuno kwathu ndi Plasmodium falciparum.

Kale azungu ankati malungo amadza ndi mpweya woipa wa m'madambo. Pa 6 November 1880, dokotala wa asilikali a ku France, Alphonse Laveran, anayang'ana magazi a msilikali wodwala ku Constantine, m'dziko la Algeria. Anaona kanthu kakugwedeza timichira mwamphamvu pakati pa maselo a magazi. Chimene chinamtsimikizira kuti ndi chamoyo ndi kuyenda kwakeko. Mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, anapeza kachiromboka m'mimba mwa udzudzu, ndipo chaka chotsatira akatswiri a ku Italy anaonetsa kuti malungo a anthu amayenda ndi udzudzu wa mtundu wa Anopheles.

Ulendo wa kachirombo

Udzudzu umene umaluma ndi waukazi, chifukwa umafuna magazi kuti mazira ake akhwime. Poluma umalavulira malovu pakhungu, ndipo tizirombo timatsikira m'malovumo. Pa nthawi imeneyi kachirombo kamakhala kakatali, kopindika ngati chikwakwa. Titandanda 100 motsatana, tingakwane milimita imodzi yokha.

Kodi kamayenda bwanji popanda miyendo kapena mchira? Ofufuza anakajambula pa kanema kali m'khungu, ndipo anaona kuti kamatsetsereka. Kamatulutsa zomata kumutu kwake, zomatazo zimagwira mnofu, ndiye kamazikokera kumbuyo, iko nkumasendera kutsogolo. Tiyerekeze munthu woyendetsa bwato ndi mponda pamadzi osaya: amazika mtengo pansi, nakankha, bwato nkupita. Pa ola lathunthu kachirombo sikatha ngakhale sentimita imodzi, koma kwa kanthu kochepa chotere limeneli ndi liwiro lalikulu. Kamapyoza mnofu mpaka kapeze mtsempha, ndipo magazi amakatengera kuchiwindi.

M'chiwindi kamabisala pafupifupi sabata imodzi. Munthu amalima, amaseka, samva kanthu. Koma kachirombo kamodzi kamakhala kakugawikana mpaka kubala ana zikwizikwi. Kubisala kumeneku kunazunguza akatswiri zaka zambiri, ndipo anakutulukira mu 1948.

Tikatuluka m'chiwindi timalowa m'maselo ofiira a magazi. Kalikonse kamaboola selo lake m'kanthawi kosapitirira mphindi imodzi kapena ziwiri, kamadya za m'katimo, ndi kuswana. Pakatha masiku awiri selo limaphulika, ndipo mumatuluka tizirombo tatsopano tokwana 16 kapena kuposa. Pamenepo mpamene wodwala amanjenjemera, thupi nkutentha. Tiwerenge pamodzi: kamodzi kabala 16, ndipo pa masiku ena awiri 16 aja abala 256, kenaka 4,096. Nchifukwa chake mwana amene dzana amasewera, lero ali lefu, m'maso ndi m'manja mwayera. Magazi ake akutha. Maselo ogwidwa amamatiriranso m'timitsempha ta mu ubongo, ndipo mwana amakomoka kapena kugwidwa ndi linjirinjiri. Tikataya tsiku limodzi tikuyesa zina, tizirombo sititaya nthawi.

Tizirombo tina sitiswana m'magazi. Timasanduka tatimuna ndi tatikazi, nkumadikira udzudzu wina. Tikangolowa m'mimba mwa udzudzu, kakamuna kamatulutsa timichira 8 tosambira, tofunafuna kakakazi. Timichira timeneti ndi tomwe Laveran anaona. Mwana wobadwa pa ukwati umenewu amaboola mimba ya udzudzu, naswana kunja kwake, ndipo pakatha masiku 10 mpaka 14 adzukulu ake amakhala atafika m'malovu. Ulendo uyambanso.

Kanachokera kuti?

Mu 1996 ofufuza anatsimikiza chinthu chodabwitsa. M'kati mwa kachirombo ka malungo muli kathumba kofanana ndi timatumba timene timabiriwitsa masamba ndi ndere. Kathumbako sikagwiranso ntchito ya dzuwa, koma kachirombo sikangakhale moyo popanda iko. Tanthauzo lake ndi lakuti makolo akalekale a kachiromboka anali tamoyo ta m'madzi todzipangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Pa mibadwo yosawerengeka anasiya kudzidyetsa, nayamba kudyera m'matupi a ena. Mu 2010 kafukufuku wina anaonetsa kuti falciparum anafika kwa anthu kuchokera kwa anyani akuluakulu otchedwa gorila, a m'nkhalango za pakati ndi kumadzulo kwa Africa.

Zimenezo ndi zakale. Koma kusintha kwina kwachitika ife tikuona.

Nkhani ya kolokwini

Akuluakulu akukumbukira kolokwini, mankhwala owawa aja amene ena ankawayabwitsa thupi. Anali otsika mtengo, ndipo ankachiza msanga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, kumalire a Thailand ndi Cambodia, kunapezeka tizirombo tosamva kolokwini. Mu 1978 tinapezeka ku Kenya ndi ku Tanzania, ndipo m'zaka za m'ma 1980 tinali titafalikira ku Malawi ndi kuno ku Mozambique. Ana ankamwa mankhwala koma osachira.

Ena amati kachirombo kanazolowera mankhwala, kapena kanachenjera. Sikali ndi nzeru ayi. Chimene chimachitika tikuchidziwa kale kunyanja. Tikaponya ukonde, nsomba zazikulu zimakodwa, zazing'ono zimapulumuka. Ukonde sunaphunzitse nsomba kuchepa. Wangosiya zimene zinali zazing'ono kale. Chimodzimodzi, pakati pa tizirombo miyandamiyanda, mwa apo ndi apo kamabadwa kamodzi kosiyana pang'ono ndi anzake. Kolokwini amapha kachirombo polowa m'kathumba kake kogayira chakudya. Kosiyanako kanali ndi kakhomo kotulutsira mankhwalawo kunja. Anzake anafa, iko kanatsala, kanaswana, ndipo ana ake anatengera. Udzudzu ndi anthu apaulendo anachita zotsalazo. Kachirombo sikaima pachipata cha Entre Lagos kapena Nayuchi kuonetsa chiphaso. Munthu wokagulitsa nsomba kutsidya amapita nako m'magazi, wina nkubwera nako.

Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kusiya kolokwini, ndipo linayamba kupereka Fansidar. Zimene zinatsatira zinadabwitsa akatswiri. Ku Blantyre, mu 1992, pa odwala 100 alionse, 85 anali ndi tizirombo tosamva kolokwini. Pofika mu 2000 anatsala 13. Mu 2005 madokotala anayesanso kolokwini pa ana a mumzindawo, ndipo pafupifupi onse anachira, 99 pa 100. Chifukwa chake nchiyani? Kakhomo kaja ndi katundu. Kumene kuli mankhwala kamapulumutsa, koma kumene kulibe kamangolemetsa, ndipo tizirombo topanda katunduyo timaswana msanga ndi kulanda malo.

Pasapezeke wina wothamangira kumsika kukagula kolokwini chifukwa cha nkhani imeneyi. Tizirombo tosamva titi tikalipo m'maiko ena, ndipo mankhwalawo atabwerera mwachisawawa tingachulukenso. Fansidar nayenso anafooka m'zaka zochepa, mpaka Malawi anasinthanso mu 2007.

Mankhwala amene tili nawo

Mankhwala amene timalandira kuchipatala cha ku Insaca, kuzipatala zazing'ono ndi kwa azaumoyo a m'midzi ndi Coartem, amene anzathu a ku Malawi amati LA. M'mbulu umodzi muli mankhwala awiri. Woyamba amachokera ku chitsamba cha ku China, ndipo mphamvu yake anaitulukira mai Tu Youyou ndi anzake mu 1972. Ameneyu amapha tizirombo tambiri mofulumira, koma sakhalitsa m'thupi. Wachiwiri amakhalitsa, nasesa totsalira. Ndi maukonde awiri oponyedwa pamodzi: kopulumuka woyamba kakodwe ndi wachiwiri.

Tsono pano mpamene pali vuto lathu. Woyamba uja amagwira ntchito msanga, ndipo pofika tsiku lachiwiri mwana wayamba kudya phala. Mai aona kuti wachira, nasunga mibulu yotsala kuti idzathandize mng'ono wake. Sitikuwadzudzula maiwo, chifukwa tikudziwa kutalika kwa njira ya kuchipatala nthawi ya dzinja, matope ali m'mawondo. Koma m'magazi a mwanayo mwatsala tizirombo, ndipo totsalato kawirikawiri ndi tolimba kuposa timene tafa. Mwana akhoza kudwalanso, ndipo udzudzu ukamluma umatenga mbeu yolimbayo kupita nayo kwa mnansi.

Zimenezi si zongoopseza. Tizirombo tochedwa kufa ndi mankhwala a ku China aja tinapezeka ku Cambodia cha m'ma 2008, ku Rwanda mu 2020, ndi ku Uganda mu 2021. Njira imene anayenda kolokwini tikuidziwa.

Coartem timamwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu. Kuchuluka kwa mibulu kumatsata kulemera kwa wodwala, choncho ya mkulu si ya mwana. Amalowa bwino m'thupi tikamwera pa chakudya cha mafuta pang'ono, monga phala la nsinjiro, mkaka kapena bere la mai. Mwana akasanza atangomwa, tiwauze azaumoyo kuti atipatse ina. Tiyambe tayezetsa magazi, pakuti si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo, ndipo mankhwala omwedwa pachabe amangosefa tizirombo. Masikito nawonso ndi ogonamo. Tikawasandutsa ukonde wa matemba, timapha mbeu ya nsomba, udzudzu nkupeza ana ali pamtetete.

Mwana akatha mankhwala onse koma thupi likutenthabe, kapena malungo akabweranso pasanathe mwezi, tibwerere naye kuchipatala ndi kunena tsiku limene anayamba kumwa ndi tsiku limene anamaliza. Amene taphunzira kulemba tingalembe masikuwo pa kapepala ka mankhwala komweko. Azaumoyo amamuyezanso magazi, nalemba m'kaundula, ndipo ngati kuli kofunika amampatsa mankhwala a mtundu wina.