Mvuu Siyasamula Chifukwa cha Tulo

Mwana wa ku Angónia akaona bilimankhwe panjira amathawa, kapena kutola mwala. Maso ake otembenuka ndi khungu lake losinthasintha zimachititsa nthumanzi, ndipo nthano ya makolo imamuneneza kuti anachedwa ndi uthenga wa moyo, imfa n'kulowa m'dziko. Komatu kanyamaka kalibe ululu, kamangodya tizilombo. Mwana yemweyo akatsikira ku Zambezi n'kuona mvuu koyamba, amaseka. Amaona chinyama chonenepa, cha miyendo yaifupi, chokhala m'madzi tsiku lonse ngati ng'ombe yaulesi. Maganizo oyambawa amakula nawo, ndipo ndi amene amamuuza kuti ayandikire pamene akanayenera kubwerera.

Mvuu yaimuna imalemera makilogalamu pafupifupi 1,500, koma pamtunda imathamanga liwiro lofika makilomita 30 pa ola. Munthu wosenza mtolo wa nkhuni sangaithawe. Imatha kumira kwa mphindi 5, choncho madzi abata si umboni woti yachoka. Ikatsegula kukamwa, mlendo amati ikuyasamula ndipo amayandikira kuti aione bwino, pamene iyo ikuonetsa mano pochenjeza kuti malowo ndi ake. Mkwiyo wake umakula ikakhala ndi mwana. David Livingstone, m'buku lake la mu 1857, anafotokoza mmene mvuu inagundira bwato limene anakwera pa Zambezi yemweyu.

Ngozi ina imadza mbandakucha. Usiku mvuu imatuluka kukadya udzu, nthawi zina n'kulowa m'dimba la chimanga, ndipo pobwerera imatsata njira yake yomweyo. Mayi wolawirira kukatunga madzi akapezeka pakati pa mvuu ndi mtsinje, chinyamacho chimaona ngati watseka pothawira pake. Mwa ichi, tinjira tosalala totsetserekera kumadzi, timene timaoneka tabwino kuyendamo, n'toyenera kutipewa dzuwa lisanatuluke.

Amene akulira m'mbali mwa mtsinje ku Zumbo kapena ku Mutarara amazidziwa izi. Ndimadera nkhawa makamaka achinyamata a kumtunda amene amapita kukasaka ganyu ya usodzi ku Cahora Bassa atangoidziwira mvuu pa chithunzi cha m'buku la kusukulu. Amenewa afunse eni gombe pamene mvuu zimagona asanakwere bwato, ndipo popalasa azimenya nkhafi m'mbali mwa bwato kuti mvuu imve kuti kukubwera anthu, ivuuke iwo akadali patali.