Wina akavulala pa ntchito, chipukuta misozi chimayambira m'kabuku ka kuchipatala

Amayi anzanga, m'makomo ambiri kuno ku Mulunguzi mphika umakhala pamoto chifukwa cha ntchito zoika moyo pachiswe. Ena amacheka matabwa m'nkhalango ya paini pamwamba pa phiri la Zomba, ena amakweza zipika m'malole, ena amamanga nyumba m'tauni, ena ndi alonda, ndipo ena amaphika m'mahotela ndi m'masukulu. Tsiku limene macheka adula zala kapena munthu wagwa padenga, amene amathamanga ndi wovulalayo kawirikawiri ndi mayi: mkazi wake, mayi ake kapena mchemwali wake. Inu ndinu amene mumamudikirira ku wodi ku Zomba Central, ndinunso mumasunga mapepala. N'chifukwa chake muyenera kudziwa kuti chipukuta misozi chimapezeka kapena kutayika m'masiku oyambirira omwewo, inu muli pambali pa bedi.

Zimene lamulo limanena

Dziko lathu lili ndi lamulo lotchedwa Workers' Compensation Act la chaka cha 2000. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti munthu wolembedwa ntchito akavulala, akadwala matenda obwera ndi ntchitoyo, kapena akamwalira pa ngozi ya pa ntchito, womulemba ntchito ayenera kulipira. Simufunika kusonyeza kuti bwana analakwa. Chofunika ndi umboni wakuti ngoziyo inachitika chifukwa cha ntchito komanso munthuyo ali pa ntchito. Ndalamazi si chifundo cha bwana, ndi ufulu wa wantchito.

Lamuloli limayendetsedwa ndi ofesi ya Workers' Compensation Commissioner mu unduna woona za ntchito, koma khomo lolowera ndi ofesi ya leba ya pa boma, ndipo kuno ku Zomba ilipo.

Si aliyense amene lamuloli limamuteteza. Wodzilemba yekha ntchito, monga mayi wotola nkhuni kuphiri n'kumagulitsa, sali m'gululi. Wodzivulaza dala nayenso salandira. Koma musafulumire kudziweruza kuti "bambo kunyumbaku anali waganyu chabe, sanasaine kalikonse". Mgwirizano wa pakamwa ndi mgwirizano ndithu. Munthu amene wakhala akucheka matabwa a bwana mmodzi miyezi ingapo, n'kumalandira malipiro kwa iyeyo, apite akafotokoze ku leba, a kumeneko ndiwo anene. Safunsa anadya phula.

Tsiku la ngozi

Choyamba ndi moyo. Bala lotuluka magazi lipsinjeni ndi nsalu yoyera ndipo mukweze m'mwamba dzanja kapena mwendo wovulalawo. Musathirepo dothi, phulusa kapena zitsamba, chifukwa zimabweretsa mafinya ndi kafumbata. Munthu amene wagwa kuchokera pamwamba ndipo akudandaula khosi kapena msana musamukweze pa kabaza. Mugonekeni pa thabwa kapena chitseko, mutu usagwedezeke, mpaka kuchipatala.

Chachiwiri ndi choonadi. Ife anamwino timalemba zimene wodwala kapena womuperekeza watiuza. Ambiri amafika atalangizidwa kale kuti akanene kuti anagwa pa njinga kapena anadzitema kumunda, polonjezedwa kuti abwana "aona chochita". Bodza limenelo likalowa m'kabuku ka kuchipatala limasanduka umboni wotsutsa wovulalayo. Nenani momveka bwino: anavulalira pa ntchito, malo akuti, nthawi yakuti, akugwira chakuti. Pemphani kuti zilembedwe choncho, ndipo ngati simutha kuwerenga zolemba za adokotala, pemphani namwino akuwerengereni.

Chachitatu ndi kudziwitsa bwana. Muuzeni msanga, ndipo ngati n'kotheka mulembereni kalata kapena uthenga wa pa foni umene mungasunge. Lembani mayina a anzake amene anaona ngoziyo ndi manambala awo a foni, chifukwa antchito a m'nkhalango ndi a zomangamanga sakhalitsa malo amodzi. Jambulani bala ndi malo a ngozi. Ikakhala ngozi ya galimoto, katengeninso lipoti la apolisi.

Masiku awerengeni

Wolemba ntchito ayenera kukanena za ngoziyo ku leba pasanathe masiku 21. Musangokhulupirira kuti wapita. Pitani nokha mukafunse ngati lipoti lafika, ndipo ngati silinafike, dandaulani pomwepo. Pempho la chipukuta misozi liyenera kuperekedwa pasanathe miyezi 12 kuchokera tsiku la ngozi, kapena tsiku la imfa ngati munthu wamwalira. Mabanja ambiri amataya chaka chimenechi akudikira malonjezo a "bwerani mawa".

Pali njira ina ya ku khoti, ngati ngozi inachitika chifukwa cha kusasamala kwa wolemba ntchito, monga kugwiritsa anthu makina owonongeka kapena kuwamana zodzitetezera. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limalamula olemba ntchito kusamala moyo wa antchito awo. Mlandu wotere umafuna loya, ndipo uyenera kuyamba pasanathe zaka 3.

Ndalama zake zimawerengedwa motani?

Wolemba ntchito ayenera kulipira zofunika pa chithandizo, monga mankhwala, opaleshoni, mayendedwe opita kuchipatala ndi ziwalo zoikirira ngati mwendo wopanga. Choncho sungani lisiti iliyonse, ngakhale ya ku famase. Pa nthawi imene munthu akuchira ndipo sangagwire ntchito, lamulo limamupatsanso ndalama zomuthandiza.

Bala likapola, dokotala amamuyezanso n'kulemba pa fomu ya ku leba kuti mphamvu zogwirira ntchito zatayika ndi maperesenti angati. Wolumala kotheratu amalandira malipiro a miyezi 54. Wolumala mbali ina amalandira gawo la ndalama zimenezo molingana ndi maperesenti ake. Munthu akamwalira, amene ankadalira iye amalandira malipiro a miyezi 42.

Tiyerekeze munthu amalandira K100,000 pa mwezi. Akalumala kotheratu, ndi K5,400,000. Dokotala akalemba maperesenti 30, ndi K1,620,000. Akamwalira, banja lilandira K4,200,000. Tsopano yerekezani ndalama zimenezi ndi thumba la chimanga ndi K50,000 zimene ena amabwera nazo ku wodi pamodzi ndi pepala loti musaine. Chithandizo landirani, palibe cholakwa, koma musasaine kapena kudinda chala pa pepala lonena kuti nkhani yatha musanalionetse ku leba.

Onaninso kuti zonse zikuwerengedwa kuchokera pa malipiro a pamwezi. Mapepala a malipiro, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, ngakhale kope limene kapitawo amalemba masiku, zonsezi ndi umboni. Wodwala asasiyenso kupita ku sikelo ya mabala kapena ku mafizo akangoyamba kupeza bwino. Dokotala sangalembe bwino za kulumala kwa munthu amene anasowa miyezi isanu.

Pakagwa maliro

Bokosi ndi galimoto zimene akuntchito amapereka pa maliro sizilowa m'malo mwa chipukuta misozi. Ndalama za miyezi 42 zija ndi za amene malemu ankawadyetsa, makamaka mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, osati za wachibale aliyense wamawu amphamvu pa msonkhano wa banja. Mayi wamasiye asunge yekha chikalata cha imfa, setifiketi ya ukwati ndi zikalata za ana. Makhadi a ubatizo amathandizanso kusonyeza ana a malemu. Ku leba apite yekha, ndi womuperekeza, osati kutuma alamu.

Kopeza thandizo

Mukaona kuti nkhani sikuyenda, a Legal Aid Bureau, amene amathandiza anthu osatha kulipira loya, ali ndi ofesi kuno ku Zomba. Mu mpingo mwathu muno tili ndi komiti ya Chilungamo ndi Mtendere, CCJP, yomwe ingakulozereni njira. Chenjerani ndi anthu ozungulira m'mawodi ndi kulonjeza kuti akuyendetserani nkhani mwachangu mukawapatsa mapepala. Mapepala enieni sungani nokha, ena apatseni mafotokope, ndipo loya aliyense akuuzeni poyambirira, molemba, kuti adzatengapo zingati.

Njira imeneyi imatenga nthawi, ndipo mayi mmodzi amene akusamala wodwala, kuphikira ana ndi kusaka ndalama ya mayendedwe amatopa n'kuisiya. Apa ndi pamene gulu lathu lili ndi ntchito. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata yake ya Laborem Exercens ya 1981, anaphunzitsa kuti chithandizo cha wantchito wovulala ndi nkhani ya chilungamo. Tikapita kukazonda wodwala ndi ufa ndi sopo, tifunsenso kuti m'kabuku mwalembedwa chiyani, ndipo ku leba kwapita ndani. Mphakati uliwonse usankhe mayi mmodzi wodziwa kulemba, wosunga masiku ndi woperekeza anzake ku maofesi.

Ndipo enafe tili ndi mtsikana wantchito, mlonda kapena wosamala pabwalo amene timamulipira pa mwezi. Iyeyo akapsa ndi madzi otentha kukhitchini kwathu, bwana amene nkhaniyi ikunena ndi ife. Timuperekeze kuchipatala, ndipo tinene zoona pamene namwino akulemba.